Munda Wogona wa Dyness

Ukafunsa za Dyness m'midzi ya kwa Nkomeshya, anthu sayamba ndi dzina la mwamuna wake kapena mpingo umene amapemphera. Amangoti, "Oo, amai aja ogoneka munda," kenaka n'kukulozera kanjira kodutsa kuseri kwa chigayo. Dzinalo linayamba ngati chipongwe, koma mwini wake sanalikane.

Anabadwira ku Katete, m'banja la ana asanu ndi awiri olimbirana kamunda kamodzi. Mu 1994 iye ndi mwamuna wake Lyford anakwera basi ndi mphasa, makasu awiri ndi nkhuku yomangidwa miyendo, n'kutsikira pa Chongwe, chifukwa anamva kuti kuno malo adakalipo. Banja la a Sanford, eni dera enieni, linawadulira malo kuchokera pa chulu chachikulu kutsikira kudambo. Pepala panalibe. A Sanford anangoyenda nawo m'malire, kuwaonetsa mtengo uwu ndi mwala uwo, akuluakulu a mudzi akuona, basi. Pa malo a makolo ndi mmene zimakhalira: malo ndi ako malinga anthu akudziwa kuti ndi ako.

Malowo Dyness anawagawa pawiri, munda wakumtunda ndi munda wakumunsi. Ankalima umodzi zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, mpaka chimanga chiyambe kufupika msinkhu ndipo kaufiti, kaudzu kamaluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga, kadzaze m'mizere. Zikatero ankachoka kukaswa mphanje ku munda winawo, uwu n'kuugoneka kuti mitengo iphukire ndi masamba abwezeretse chonde. Anzake ankamuseka kuti nkhani zimenezo ndi za makolo, masiku ano kuli feteleza. Iye sankachedwa kuyankha.

"Munthu akalema, mumupatsa mapilisi kapena mphasa?"

Tsono tinenetse pano, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa: kugoneka munda si kuusiya. Munda wosiyidwa mwini wake anasamuka, kapena anamwalira, kapena ulesi unamukwatira. Munda wogona uli ndi mwini amene akuwerenga zaka. Dyness ankaulambulira malire mwezi wa June uliwonse kuti moto wolusa usalowe, ankatolamo bowa ndi masuku, ndipo munthu akadulamo mlongoti osapempha ankamva mawu ake mudzi wonse uli chete.

Ana ake obereka anali aakazi awiri, amene pano ali pa mabanja kutali. Wachitatu anali Kondani, mwana wa mkulu wake Tisauke. Tisauke atamwalira, Dyness anapita ku Katete kumaliro n'kubwerako ndi mnyamatayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atatuluka zipere mutu wonse. Sanamusiyanitse ndi ake. Kondani anakula akumutcha amama, ndipo pakamwa pake panalibe dzina lina lomutchulira. Anali ndi mutu wa masamu mwana ameneyu. Anapambana mayeso onse, n'kupita ku yunivesite ku Lusaka kukaphunzira za chilengedwe ndi makompyuta. Dyness anasimba za iye ku chigayo, ku chitsime ndi ku kwaya, mpaka amayi anzake anafika potopa naye.

Lyford anamwalira mu April 2016, chimanga cha kumtunda chisanaume. Dyness anakolola yekha, ndipo atatha kututa anaugoneka mundawo n'kutsikira kumunsi.

Patapita zaka zisanu, Kondani anabwera kumudzi ndi chikwama chakumsana, laputopu, tepi yoyezera ndi kachipangizo konga foni kolemba malire munthu akamayenda nako. Anali pa digiri yachiwiri. Anakhala pa mpando pansi pa mango n'kutsegula laputopuyo.

"Amama, manje nipanga modelo," anatero Kondani.

"Modelo ni chani? Ni ija ya atsikana oyenda mothimbwidzika pa TV?"

Kondani anaseka mpaka misozi. "Iyai, amama. Ni monga thengo, koma ili mu kompyuta. Niuza kompyuta mvula, dothi, na kukula kwa mitengo. Yeve amapanga masamu, aniuza mwamene thengo izankhalira pambuyo pa zaka twente."

Anamuonetsa. Pa galasi panali timadontho tobiriwira tomwazikana. Kondani anadina kamodzi, timadonthoto tinayamba kufufuma, kukhudzana, tina kufota, tina kuphimba anzake, ndipo pakona manambala a zaka ankathamanga. Zaka makumi awiri zinatha Dyness asanamalize kumanga mpango kumutu. Anawomba m'manja. Lamulungu lotsatira mpingo wonse unamva kuti mwana wa Dyness amameretsa mitengo popanda mvula.

Koma thengo la m'kompyuta lili ndi vuto limodzi: silidziwa kanthu palokha. Liyenera kuphunzitsidwa ndi malo enieni, amene zaka zake zikudziwika bwino, kuti masamu ake afanane ndi zimene mitengo imachitadi. Apa ndi pamene Kondani anavutikira. Akafunsa alimi kuti munda uwu munaleka liti kuulima, ena ankati kalekale, ena chaka chija kunagwa matalala, ena ankayamba kukangana ndi akazi awo. Dyness yekha anali ndi chaka, mwezi, ngakhale sabata, poti tsiku loika mwamuna wako suliiwala. Munda wake wakumtunda unasanduka msana wa modelo yonse.

Anagwira ntchito limodzi masabata atatu. Dyness ankagwira nsonga ya tepi, Kondani n'kuzungulira mtengo. Dyness ndiye ankatchula maina, uwu ndi mombo, uwu ndi msuku, uwu waphukira pa chitsa chimene bambo ako anadula. Anakumba dothi n'kuthira m'timapepala tapulasitiki tolembedwa manambala. Anayenda malire onse, kuyambira pa chulu, kachipangizo kaja kakulemba. Dyness msana unkamuwawa, koma anali wokondwa. Ndi mayi uti amene sangakondwe kuona kuti nzeru zake za khasu zikulowa m'buku la yunivesite?

Tsiku lomaliza, atakhalanso pansi pa mango, Kondani anatsegula fomu ya mafunso pa laputopu.

"Amama, uyu munda muusewenzetsa?"

"Iwe, ufunsa monga mlendo bwanji? Wagona. Chaka chachisanu ndi chitatu nizaudzutsa."

Kondani anagwedeza mutu, n'kuyang'ana galasi kanthawi ndithu, kenaka anadina. Dyness sanafunse chimene wadina. Anapita kukamuphera nkhuku.

Chaka chachisanu ndi chitatu chinafika moipa. Mvula ya 2024 inadula chimanga chikumasula, dzuwa linang'amba nthaka, ndipo kumunsi kuja, komwe kunali kutatopa kale, kaufiti yekha ndiye anachita maluwa. Dyness anakolola zitsononkho zoti ungazitolere m'chitenje. Komabe sanataye mtima ngati anzake, chifukwa iye anali ndi pothawira. Kumtunda kunali dothi lakuda lopuma zaka zisanu ndi zitatu. Mwezi wa July ananola nkhwangwa, n'kukwera.

Pa mtengo woyamba wa m'malire anapeza mzere wa penti yofiira. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu, mpaka kuzungulira. Pafupi ndi chulu panali chikwangwani cha lata chokhomedwa pa mzati. Dyness amawerenga pang'onopang'ono, koma chithunzi cha nkhwangwa yodulidwa ndi mtanda sichifuna sukulu.

Anatsika molunjika kwa a Chabala, mlembi wa komiti ya mudzi yoona za mitengo, nkhwangwa ili paphewa. A Chabala ataiona anaimirira kuseri kwa njinga yawo.

"Ba Chabala, wapaka penti mu munda mwanga ni ndani?"

A Chabala anafotokoza mwa chibwibwi. Kunabwera bungwe lina loteteza nkhalango, la magalimoto oyera ndi zipewa zogawa. Linapangana ndi mudzi kuti malo onse osiyidwa, amene mitengo ikuphukira, asadulidwe kwa zaka makumi atatu. Msonkhano unachitika mu February, Dyness ali kwa mwana wake wamkazi amene anali atangochira. Anapachika mapu, malo osiyidwa ali obiriwira, n'kufunsa ngati pali wotsutsa. Panalibe. Ndani angazindikire munda wa mnzake pa pepala lojambulidwa kuchokera kumwamba? Anthu anawomba m'manja, akuluakulu anasaina, fanta anamwedwa.

"Munda wanga siwosiyidwa. Imwe mudziwa, mudzi wonse udziwa."

"Tiziba, amai. Koma mapu inachoka mu kompyuta. Ndipo wamene anaipanga..." A Chabala anakokera njinga yawo pafupi. "Ni mwana wanu. Asewenza na beve manje."

Dyness anawatukwana a Chabala tsiku limenelo, ndipo anawatukwana bwino, chifukwa sanakhulupirire. Kuti Kondani wapeza ntchito ankadziwa, koma anangomuuza kuti ndi ya makompyuta. Anamuimbira foni. Ulendo woyamba Kondani anati ali mu miting'i. Wachiwiri anati netiweki ikuvuta. Wachitatu foni inangolira mpaka kuduka. Dyness anayamba kumupezera zifukwa yekha, monga amachitira mayi: mwina mabwana ake anamubera mapu, mwina kompyuta inasokoneza manambala, mwina mwanayo akuthamangathamanga kuti akonze asanamuuze.

Mu September a Chabala, pofuna kudzichotsa mlandu, anamutsina khutu kuti bungwelo lili ndi msonkhano pa boma, ndipo Kondani ndiye adzafotokoze. Dyness anavala chitenje chake cha ku tchalitchi, anayenda mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi ya ku Chongwe.

Holoyo inali yodzaza ndi anthu a mabotolo a madzi. Dyness anakhala kumbuyo. Kondani anaima kutsogolo atavala shati yoyera ya bungwe, atanenepa masaya, akulankhula Chingerezi chosalala, ndipo mayi wina wachitsikana dzina lake Inutu ankamasulira m'Chinyanja. Mtima wa Dyness unachita zopusa: unanyada. Ngakhale pamenepo, unanyada.

Pa khoma panaoneka timadontho tija, tikufufuma monga kale, anthu n'kuchita chidwi. Kenaka panabwera chithunzi cha mayi wa mpango wachikasu atagwira nsonga ya tepi pa msuku, akuseka mano onse pamtunda. Dyness anadzizindikira. Pansi pa chithunzicho panalembedwa nambala 14.

Inutu anamasulira bwinobwino, liwu ndi liwu. "Akamba kuti iyi puloti namba fotini ndiye yamene inaphunzitsa modelo. Ni munda wosiyidwa kuchoka mu 2016. Palibe wamene ausewenzetsa."

Dyness anaimirira.

"Kondani!"

Holo yonse inatembenuka.

"Mai ali pa khomayo ndine. Munda uyo ni wanga. Kondani, uza anthu awa zamene ninakuuza tsiku lija pansi pa mango. Ninati ninausiya, kapena ninati wagona?"

Panali bwana wina wa bungwe pa tebulo lakutsogolo, amene anaweramira kwa mnzake kufunsa chimene chikuchitika. Kondani anamuyang'ana bwanayo. Anayang'ana pepala limene linali m'manja mwake. Pamene anadzutsa mutu, maso ake sanafike kumbuyo kwa holo, anathera penapake pakati.

"Amai, funso lanu talimva," anatero pa chimkuzamawu. "Tizakambirana pambuyo pa pulogalamu."

Amai. Mawu amene umaitanira mayi aliyense wogulitsa tomato pa msika. Kwa zaka zoposa makumi awiri mwana ameneyu sanamutchulepo choncho ngakhale kamodzi. Dyness anamva kuwawa kumene sanakumve ngakhale pa penti yofiira ija, ndipo anakhala pansi. Chithunzi chinasintha, pa khoma panabwera mizere yokwera m'mwamba, msonkhano unapitirira.

Kondani anamupeza panja nthawi ya chakudya, kuseri kwa holo kumene kunaimikidwa magalimoto. Kunalibe womuona, tsono dzina lija linabwerera.

"Amama..."

"Wanikumbuka?"

Kondani anagwada pang'ono, osafika pansi poopa fumbi pa thalauza. Analankhula msanga, ngati munthu amene mawuwo anawakonza kalekale. Fomu ija inali ndi mabokosi awiri okha, munda wolimidwa ndi munda wosiyidwa. Lachitatu panalibe, chifukwa amene anaipanga sadziwa za munda wogona. Akanadina wolimidwa, puloti 14 ikanatuluka mu modelo, ndipo popanda iyo enawo zaka zake zinali zongopeka, digiri ikanagwa. Anadina wosiyidwa poganiza kuti ndi za sukulu chabe, zikathera pa shelefu. Kenaka bungwelo linaona modeloyo, linaikonda, linamulemba ntchito, n'kutenga mapu monga analili.

"Unaona liti kuti munda wanga uli mkati?" anafunsa Dyness.

Kondani anatembenukira ku magalimoto aja.

"Nikufunsa."

"Chaka chatha. Mu October."

Dyness anawerenga miyezi ndi zala. "Pa Khirisimasi unabwera. Unagona masiku atatu mu nyumba mwanga. Ninakuuza kuti chaka chamawa nizaswa mphanje kumtunda, iwe unati, 'Chabwino, amama.'"

"Ninafuna kukamba. Ninaopa."

"Ndiye konza manje. Pita mkatimo, uwauze kuti unalakwitsa bokosi. Si iwe unadina? Dinanso."

Apa ndi pamene Dyness anaona kuti mwanayo sanabwere kudzakonza kanthu, anabwera kudzafotokoza chifukwa chake sakonza. Anati manambala anatumizidwa kale kunja kwa dziko, ndipo akatswiri a kumeneko anawayeza n'kuwavomereza. Akachotsa puloti 14, modelo yonse iyenera kuyezedwanso, mgwirizano wa midzi isanu ndi umodzi ungaime, ndipo aliyense adzafunsa kuti analemba bodza ndani. Ntchito ingathe, ngakhale digiri angamulande. Anati adzamutumizira feteleza. Anati adzayesa kulankhula ndi komiti kuti amupezere kamalo kena kutsidya kwa dambo, komwe aliyense akudziwa kuti ndi mchenga wokhawokha.

Kenaka anachita chinthu chimene anthu ophunzira amachita akasowa pogwira: anayamba kuphunzitsa. Anatulutsa laputopu m'chikwama, anaiika pa boneti ya galimoto n'kuitsegula.

"Onani chabe, amama. Si kuti malo iwonongeka. Modelo ionetsa kuti pa zaka twente mitengo izafika mamita twelofu. Dothi izabwerera, madzi ya mu dambo izankhala chaka chonse. Ni chinthu chabwino maningi."

Anadina. Timadontho tinafufuma. Dyness anayang'anitsitsa, ndipo ulendo uno anazindikira malire ake, poti anawayenda ndi mapazi ake: pakona paja ndi pa chulu, apa ndi potsikira kudambo. Munda wake unadzaza, kubiriwira bii, manambala a zaka akuthamanga pambali. Iye ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Kuphatikizapo makumi atatu a mgwirizano, masamu ake sanafune kompyuta.

"Imika," anatero. Kondani anaimika pa 2040. Dyness anaika chala chake chokhakhala pa galasi, pakati pa mundawo. "Apa. Chaka chimenechi ine nili kuti? Nidya chani? Nionetse."

"Amama, sivisewenza choncho."

"Si unati ukaiuza zonse imakuuza zakutsogolo? Nionetse pamene nili ine."

Kondani anayang'ana galasi, ngati kuti mwina angamupezemo. Pamene analankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Mu modelo mulibe anthu, amama. Muli chabe mitengo, mvula na dothi. Anthu sitinawaikemo."

Dyness anachotsa chala chake. Pa galasi panatsala kachizindikiro ka thukuta, ndipo Kondani, mosaganiza, anakapukuta ndi mkono wa shati.

"Lero wanena zoona kamodzi," anatero Dyness.

Mkati mwa holo wina anaitana pa chimkuzamawu kuti a Kondani akufunika kutsogolo. Mnyamatayo anayang'ana chitseko, anayang'ana amake, n'kutseka laputopu. Dyness sanadikire kuti aone kumene apite, chifukwa ankadziwa kale. Anamanganso chitenje chake, n'kuyamba kuyenda kulowera ku siteji ya minibasi. Mvula yoyamba inali itatsala miyezi iwiri, ndipo anayenera kukayamba kugalauza kumunsi kuja, m'dothi lodzaza ndi njere za kaufiti, chaka chachisanu ndi chinayi.